Ulendo wa achinyamata kuphiri: tigule matenti kapena tidikire?

Mlembi: Moni nonse. Nkhani yomwe inatsala pa msonkhano uja ndi iyi: ana amasiye ndi omwe anasiyira sukulu panjira tiziwatengera kuphiri masiku atatu, azikagona m'matenti, kutsika mathanthwe ndi zingwe komanso kuphunzira kuwerenga mapu. Tipatseni maganizo tisanavote.

Msungichuma: Mundikhululukire a Mlembi. Ana amenewa phiri amalikwera kale kofuna nkhuni. Chachilendo n'chiyani? Ndalama yomweyo bwenzi titalipirira fizi ana angapo.

Aphunzitsi opuma: Funso lanu ndi lomveka bambo, koma kukwera phiri chifukwa cha mavuto n'kosiyana ndi kukwera anzako akukudalira. Ndinali ndi mtsikana m'kalasi, chaka chonse osakwezako dzanja. Pa ulendo wina tinamupatsa chingwe kuti agwire mnzake akutsika thanthwe. Manja amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, koma chingwe sanachisiye. Mnzakeyo atafika pansi anamuthamangira n'kumukumbatira. Lolemba lake mtsikanayo anayankha funso koyamba. Ana ngati amenewa anazolowera kulandira. Chimene amasowa ndi tsiku loti wina awadalire iwo.

Membala wokhala kunja: Ndikugwirizana nanu aphunzitsi. Mu 1941 Kurt Hahn ndi Lawrence Holt anatsegula sukulu ya Outward Bound, yophunzitsa achinyamata kupirira, ku Aberdovey, ku Wales, ataona kuti amalinyero achichepere ankataya mtima msanga sitima zawo zikamizidwa pa nkhondo, pamene achikulire ankapirira. Nayenso Baden-Powell, yemwe anayambitsa gulu la ma Scout, mu 1907, pa chilumba cha Brownsea ku England, anasakaniza dala ana a mabanja olemera ndi a mabanja wamba mu msasa umodzi.

Mayi wachiwiri kwa wapampando: Zonsezo nzabwino achimwene, koma ine nkhawa yanga ndi atsikana. Azigona ndi ndani? Ndikufuna amayi awiri apite nawo, tenti yawo payokha. Ndipo wogwiritsa zingwe akhale wophunzira ntchitoyo, asakhale wongodzipereka. Mwana wa mwini akathyoka mwendo tidzayankha ndife. Nthawi ya mvula ayi, miyala imaterera.

Msungichuma: Ndamva amayi. Ndiye matenti tisagule kaye. Tibwereke, tiyambe ndi ana khumi ndi awiri, usiku umodzi, tione. Koma nkhani ya fizi isafe, ndidzayibweretsanso.

Aphunzitsi opuma: Ndavomera, bola ana adzikhomere okha matenti ndi kusankha okha otsogolera. Ife akuluakulu tiziyenda kumbuyo.

Mlembi: Ndalemba. Tsopano ndani akalankhule ndi makolo ndi owalera anawa? Popanda chilolezo chawo palibe mwana anyamuke.

Mayi wachiwiri kwa wapampando: Ndilembeni ine. Ndiyamba Loweruka.