Ndagula telesikopu ija yowonera mbalame

Abale, mwezi watha ndinakufunsani kuti nditenge iti pakati pa Swarovski ATX ndi Kowa TSN-883, popeza mabainokula anga ankandiperewera pa Lake Chivero, nyanja ya pafupi ndi Harare ku Zimbabwe. Ambiri munati ndiyambe ndayesa ndi maso anga. Ndakumverani, ndipo ndatenga Kowa yokhota poika diso, ya galasi la mamilimita 88.

Loweruka ndinali kunyanjako dzuwa lisanatuluke. Nkhwazi inatera pamtengo wouma kutsidya, ndipo nditakweza mphamvu yokuzira zinthu kufika pa 40 ndinaona mlomo wake wachikasu ndi mamba a nsomba atamatirira kuzikhadabo. Nthenga zoyera za pachifuwa zinalibe kamzere kofiirira m'mphepete, kaja kamaoneka m'magalasi otchipa. Mtima wanga unangoti phee.

Koma dzuwa likangokwera, mpweya wotentha umanjenjemera pamwamba pa madzi, moti 60 yonse ija imasanduka utsi. Ndimabwerera pa 25 kapena 30.

Amene munandichenjeza za tripod, miyendo itatu yoimikapo telesikopu, zikomo kwambiri. Yanga yakale inkagwedera ndi kamphepo kalikonse, ndagula yolemera. Yokhotayo yatithandizanso ku Mukuvisi Woodlands, malo osungirako nyama ku Harare: mdzukulu wanga amangowerama n'kuona mbidzi, osasunthanso miyendo ya tripod.