Mphamvu ndilibe, thupi likungonenepa: ndiyambire pati?

Telala wa ku Chilomoni

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga, lero ndalimba mtima kuti ndifunse nanenso.

Ndine mayi wa zaka 36, ndili ndi ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde pathu kuno ku Chilomoni. Mayi anga anamwalira chaka chatha nditawadwazika miyezi isanu ndi iwiri. Maliro atatha anthu anabalalika, aliyense ku zake, ine ndinangoti zii. Ndinkati ndi chisoni basi, chidzatha. Tinamanga chiliza, koma ine osasintha. Tulo tinkandithera 2 koloko usiku, kukacha makina ndinkangowayang'ana, nsalu za eni ake zili mulu pampando. Mchemwali wanga ndi amene anandikokera kuchipatala. Kumeneko anati ndi matenda a maganizo, aja amati depression, ndipo anandipatsa amitriptyline woti ndizimwa usiku.

Mankhwalawo andithandiza, ndisaname. Ndikugona, kulira kwachepa, ntchito ndayambiranso pang'ono. Vuto ndi thupi. Pa sikelo ya kuchipatala ndinali makilo 67, mwezi watha ndinapezeka ndili 83. Poti ndine telala sindifunikanso sikelo, tepi imandiuza: chiuno chinali mainchesi 32, pano ndi 38. Diresi yanga ya kumvano ndaiphwasula kawiri kuti ndiwonjezere nsalu m'mbali. Ndikapita kutchalitchi anthu amati, "Iii, koma mwanenepa bwino! Zikukuyenderani eti?" Amanena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. Ine ndimangomwetulira, ndikafika kunyumba ndimalowa kuchipinda n'kutseka chitseko.

Adokotala anati ndizichita masewera olimbitsa thupi. Ndinavomera. Koma abale, masiku ena kungochoka pabedi kukafika kubafa kumakhala ngati ndakwera phiri la Michiru. Mu January ndinagula nsapato pakaunjika ku Limbe, ndinathamanga tsiku limodzi, mawondo anandipweteka masiku atatu. Nsapatozo zili kunsi kwa bedi mpaka lero. Mwana wanga wamkulu anandiikira vidiyo ya pa YouTube ya azimayi odumphadumpha, mphindi ziwiri zisanathe ndinali wefuwefu, ndinakhala pansi n'kuyamba kulira.

Inu amene munadutsamo, munayamba bwanji? Za ku jimu musanene, ndalama ndilibe ndipo manyazi sangandilole. Ndikufuna kanthu kochepa koti munthu wofooka ngati ine angakwanitse. Chachiwiri, kodi ndisiye kaye mankhwalawa kuti thupi liphweko?

Mphunzitsi wopuma ntchito, Zomba

Pepani mayi ndi imfa ya mayi anu. Za mankhwala ndisiyira odziwa, ine ndinena zimene ndinaona ndekha.

Nthendayi inandigwira nditangopuma ntchito. Zaka 34 ndinkadzuka ndikudziwa kuti ana akundidikira m'kalasi, kenako mwadzidzidzi panalibenso wondidikira. Ndinakhala pampando wandalema pafupifupi chaka chathunthu, wailesi ikulira ine osamva chimene ikunena. Mimba inatuluka, lamba ndinaboola bowo lina ndi msomali.

Cholakwa changa chachikulu chinali ichi: ndinkadikira kuti mtima ufune kaye. Ndinkati tsiku limene ndidzadzuke ndili ndi mphamvu ndidzayamba kuyenda. Tsiku limenelo silinabwere, ndipo ndikukuuzani, kwa munthu wodwala maganizo silibwera. Mphamvu imabwera pambuyo, munthu atayenda kale. Ndi nthenda yotembenuza zinthu imeneyi.

Ndinayamba ndi mapolo a magetsi. Mumsewu wathu alipo ndondondo. Ndinati ndikafika pa polo yachitatu, ndiigwire ndi dzanja, ndibwerere. Basi. Ulendo wonse unali mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Tsiku loyamba ndinachita manyazi, ndinkati anthu aziti mkuluyu wasokonezeka. Palibe ngakhale mmodzi anandiyang'ana. Sabata yonse ndinkathera pa polo yachitatu, ngakhale tsiku limene ndinamva kuti ndingathe kupitirira. Apa ndipotsindike, chifukwa ndi pamene inu munapunthwa mu January muja. Tsiku limene wadzuka bwino umafuna kubweza ngongole ya miyezi yonse nthawi imodzi, ndiye mawa thupi limakana, mtima n'kumati, "Waona? Sungathe." Bwererani mukadali ndi kamphamvu kotsala. Sabata yachiwiri ndinaonjezera polo imodzi. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Masiku oipa analipo, ambirinso. Pa masiku amenewo lamulo langa linali loti ndivale nsapato, nditsegule geti, ndiime panja ndione dzuwa. Ndikatero ndinkachonga pakalendala ngati mmene ndinkachongera kaundula wa ana, tsikulo lawerengedwa. Nthawi zambiri ukaima pageti miyendo imangopita yokha. Nthawi zina ayi, ndipo palibe mlandu. Mukalumpha masiku awiri kapena atatu musati zonse zagwa. Muyambire pamene munasiyira.

Chinandichirikiza kwambiri ndi mkulu wina woyandikana naye, wodwala shuga, amene anauzidwanso kuti aziyenda. Ankabwera m'mamawa n'kugogoda geti ndi ndodo yake. Kudzinamiza wekha n'kosavuta, koma munthu wachikulire ataima pageti pako kukuzizira mu June sungamusiye. Sitinkalankhula zambiri. Pano timafika mpaka ku Botanical Gardens n'kubwerera, koma zinatitengera miyezi isanu ndi itatu.

Sikelo muiiwale kaye, tepi yanunso isungireni makasitomala. Ine miyezi itatu yoyamba thupi silinasinthe ngakhale pang'ono. Chimene chinasintha ndi tulo, ndi chakuti tsiku lina ndinapezeka ndikumva zimene wailesi ikunena.

Mnyamata wa ku Area 25

Amayi, chepetsani nsima, m'mawa muzimwa madzi otentha a mandimu musanadye kanthu, ndipo muzithamanga ngakhale zikuwawa. Ine ndinatsika makilo 9 choncho. Nkhani ndi kulimba mtima basi.

Namwino, Lilongwe

Achimwene a ku 25, mwachita bwino pa thupi lanu, koma njira imeneyo si ya munthu amene akudwala maganizo. Kufooka kumene akunenaku si ulesi, ndi chizindikiro cha nthendayo, monga mmene kutentha thupi kulili chizindikiro cha malungo. Ndipo mandimu sasungunula mafuta.

Achemwali, funso lanu lachiwiri ndi limene landidetsa nkhawa. Chonde musasiye mankhwala panokha. Mukawasiya mwadzidzidzi mutha kumva chizungulire, mseru, mutu ndi kusowa tulo, ndipo nthendayo imatha kubwerera. Kawirikawiri munthu amapitiriza kumwa kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kuchokera pamene wayamba kupeza bwino, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala.

Koma simukulakwitsa poganizira mankhwalawo. Amitriptyline amadziwika kuti amakulitsa chilakolako cha chakudya, makamaka zotsekemera, amaumitsa kukhosi, ndipo ena amadzuka ali ndi tulo m'maso mpaka dzuwa litakwera. Kuuma kukhosiko n'kumene kumapusitsa ambiri, munthu amangopezeka akusungunula Sobo kapena kuphika tiyi wa shuga wambiri kangapo patsiku. Ikani botolo la madzi pafupi ndi makina anu. Ndipo mukapitanso kuchipatala musangoti "ndili bwino" n'kulandira mapiritsi. Nenani momveka kuti mwaonjezera makilo 16 ndipo zikukubwezerani m'mbuyo. Alipo mankhwala ena monga fluoxetine amene sanenepetsa kwambiri chonchi, adokotala ndi amene angaone ngati akukuyenerani. Funsaninso ngati mungamamwe piritsi lanulo madzulo msanga m'malo modikira nthawi yogona, kuti m'mawa mutu uzikhala wopepuka.

Pemphaninso akuyezeni BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Kuchepa magazi kumafooketsa azimayi ambiri osadziwa. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chikamagwira ntchito mofooka chimabweretsanso kutopa, kunenepa ndi kukhumudwa pamodzi. Ngati mumabaya jakisoni wolera wa Depo, kapena mumamwa ma ARV aja a TLD, muwauzenso, poti kwa ena zimenezi zimaonjezera thupi. Si kuti musiye, koma kuti wokuthandizaniyo aone chithunzi chonse.

Za masewera, aphunzitsi anena zoona ndipo sindingaonjezere zambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita zinthu zolimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku asanu. Kumeneko ndi kofikira, si koyambira. Malangizo omwewo amati ngakhale pang'ono n'kwabwino kuposa osachita kalikonse. Muyezo wosavuta ndi uwu: muziyenda mwakuti mungathe kucheza ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Kuthamanga ndi kudumpha musiye kaye, mawondo sanakonzeke. Poti mumakhala pamakina nthawi yaitali, mukamaliza msoko umodzi imirirani pampando n'kukhalanso kasanu osagwira tebulo. Zimalimbitsa ntchafu, ndipo ntchafu zolimba zimateteza mawondo. Podzuka pabedi muzikhala kaye tsonga pang'ono, chifukwa amitriptyline amatha kuchititsa chizungulire munthu akaimirira mofulumira. Mukamva kuwawa pachifuwa kapena kubanika kwachilendo, imani mupite kuchipatala.

Chomaliza, ndifunse mosabisa poti timafunsa aliyense. Kodi maganizo oti bola kufa amakufikirani? Ngati amabwera, uzani mchemwali wanu lero lomwe, mumupatse mapiritsiwo azisunga ndiye, ndipo mupite kuchipatala osadikira tsiku limene anakulemberani. Ku chipatala chachikulu cha Queens kuli kiliniki ya matenda a maganizo, ndipo si kutali ndi kwanu. Ngakhale mulibe maganizo amenewo, mankhwalawa muziwasunga posafika ana, ndi oopsa akamwedwa ambiri.

Mlongo wanu wa ku Joni

Asisi, ndawerenga ndikugwetsa misozi chifukwa nkhani yanu ndi yanga. Ine ndimagwira ntchito yapakhomo kuno ku Johannesburg, ndimakhala m'kachipinda kakuseri. Kuyenda panja m'mamawa kapena madzulo ndimaopa, ndiye za mapolo sizikanatheka. Chimene chinandidzutsa ine ndi chimtali. Kwathu ndi ku Dedza, ndinakula ndikuvina. Tsiku lina Lamlungu ndinatseka chitseko, ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinaika nyimbo imodzi pafoni. Imodzi yokha, mphindi zinayi. Ndinavina ngati nkhalamba, koma pomaliza ndinamva magazi akuyenda m'manja. Mpaka pano ndimavina ndisanasambe madzulo, madzi ali pamoto. Kuzimangirira ku chinthu chimene umachita kale tsiku lililonse kumathandiza kuti usaiwale, komanso kuti usakhale ndi nthawi yokambirana ndi mtima.

Azimayi a mu vidiyo aja asiyeni, sakudziwani. Thupi lanu lili ndi magule ake amene likuwadziwa kale. Ndipo musanyoze kusesa pabwalo ndi kuchapa, nazonso ndi ntchito ya thupi.

Telala wa ku Chilomoni

Ndabweranso patatha masabata atatu. Zikomo nonse, ndinawerenga mobwerezabwereza.

Anamwino, maganizo aja ankabwera chaka chatha, pano sakubweranso. Komabe ndinamuuza mchemwali wanga, ndipo aka kanali koyamba kuzitchula kwa munthu. Tinalira tonse. Mankhwala sindinasiye. Kuchipatala ndinanena monga munandiuzira, anandiyeza ndipo anapeza kuti magazi ndi ochepa, andipatsa mapiritsi oonjezera magazi. Zosintha mankhwala akuti tikambirana ulendo wamawa. Za Sobo munalasa, ndinawerenga ndipo ndinapeza kuti botolo limodzi linkatha masiku atatu, ndekha.

Aphunzitsi, mapolo kwathu kuno alipo. Njira yathu ndi yokwera, ndiye ndinayamba ndi awiri. Pa masiku 21 ndachonga 13. Mwa amenewo, anayi ndinangoima pageti. Panali sabata ina imene ndinagona masiku atatu otsatizana osatuluka, ndipo ndinatsala pang'ono kubwezera nsapato kunsi kwa bedi, koma ndinakumbukira kuti munati ndiyambire pamene ndinasiyira. Wogogoda ndamupeza, ndi mayi wina wa kuseri kwathu amene amapita kukapikula tomato m'mamawa. Sindinamuuze zonse, ndinangoti adokotala akuti ndiziyenda. Ndimamuperekeza mpaka pa polo yachinayi, iye n'kupitirira kukakwera minibasi.

Dzulo ulusi wakuda unandithera ndili pakati pa siketi ya yunifolomu. Nthawi zonse ndimatuma mwana. Ndinaitana dzina lake, kenako ndinati, "Basi, khala." Ndinapita ndekha kumsika. Pobwera ndinapuma kawiri pachitunda, thukuta lili kamukamu, koma ulusi ndinabwera nawo ndipo siketiyo ndinaimaliza.

Tepi sindinaigwire. Asisi a ku Joni, kuvina sindinayambe, ana akakhalapo ndimachita manyazi, ndiyesa akapita kusukulu.

Anamwino, ndifunsenso chimodzi. Bondo lakumanzere limalira ndikamatsika chitunda, silikupweteka koma limangoti tchee tchee. Ndipitirize, kapena ndifune njira ina yopanda chitunda?