Mzungu woimba za imfa ya mkazi wake: ndilakwa kumamumvera?

Mlongo_wa_ku_Chinamwali analemba:

Moni nonse. Ndili ndi funso, koma mundilole ndiyambe ndafotokoza.

Achimwene anga anatisiya mu Epulo. Ndi amene ankalipira fizi ya mwana wanga kuyambira pamene bambo ake anangochoka osatsanzika. Maliro anayenda monga amayendera kwathu kuno. Amayi a Mvano anachezera kuimba pa siwa, adzukulu analawirira kukakumba, abusa analalikira, tinabwerako. Ine sindinalire kwenikweni, mutu unali pa nkhuni, ufa ndi mabenchi obwereka kutchalitchi. Patatha milungu itatu anthu onse atabalalika, Loweruka lina kunabwera telala wa pamsika atanyamula jumbo. Mkati munali yunifolomu ya mwana wanga ya teremu ya Seputembala. Achimwene anali atalipira kale mu Febuluwale osandiuza, ndipo anamuuza telalayo kuti asoke yokulirapo chifukwa mwana akukula. Ndinakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira telala ali chiimire, mpaka munthu wosalakwayo anasowa poyang'ana.

Mnzanga amene ndinamuuza nkhaniyi ananditumizira chimbale cha Mount Eerie chotchedwa A Crow Looked at Me, cha 2017. Dzinalo likumveka ngati la bandi, koma kwenikweni ndi munthu mmodzi, Phil Elverum, wa ku Anacortes m'chigawo cha Washington ku America. Mkazi wake, Geneviève Castrée, wa ku Canada, anali katswiri wojambula zithunzi komanso woimba. Anamupeza ndi khansa ya kapamba mu 2015 atangobereka kumene mwana wamkazi, ndipo anamwalira pa 9 Julaye 2016 ali ndi zaka 35. M'nyimbo yoyamba, bamboyo akusimba kuti patatha sabata mkazi wake atamwalira kunabwera phukusi la papositi lolembedwa dzina la malemuyo. Mkati munali chikwama cha kusukulu chimene mayiyo anagulira mwana mwachinsinsi, choti adzanyamule zaka zingapo kutsogolo. Nditamva pamenepo ndinaponya foni pabedi.

Kuyambira tsiku limenelo ndimamvera chimbalechi pafupifupi usiku uliwonse. Dzana amayi anga anandipeza, ndinawafotokozera, ndiye anati: "Munthu wanji woimba imfa ya mkazi wake n'kumagulitsa ngati tomato? Ndipo iwe kumvera zimenezo usiku, ukufuna kuitana chiyani?"

Funso langa ndi lomwelo. Kodi bamboyu analakwa kugulitsa chisoni chake? Nanga ine ndikulakwa kumvera?

Mkulu_wa_Kwaya anayankha:

Pepani ndi zovutazo mwana wanga, Mulungu akutonthozeni inu ndi amayi.

Ndayimbitsa kwaya pa maliro zaka zoposa makumi awiri, ndiye ndinachita chidwi, ndinapempha mdzukulu wanga kuti andipezere nyimbozo. Ndinamvera ziwiri n'kusiya. Amayi anu sananame kwenikweni. Kwa ine imeneyo si nyimbo, ndi munthu akulira yekha m'chipinda, ife tikusuzumira pazenera.

Nyimbo ya pa siwa ili ndi ntchito yake. Wofedwa mawu akamuthera, enafe timamuimbira. Wina akatopa wina amalandira, mpaka tambala alire. Ngakhale amene sadziwa kuimba amatsatira kolasi. Mzunguyu nyimbo zake zilibe poti mnzako alowerepo, simungaziimbe anthu awiri. Mdzukulu wanga anandiuzanso kuti mtembo anauwotcha, phulusa n'kukalimwaza ku zilumba za Haida Gwaii ku Canada. Ndiye kuti alibe manda oti akalimire, alibe chiliza choti adzavundukule abale atasonkhana. Mwina n'chifukwa chake zonse anaziika mu chimbale. Koma inu muli nawo manda, muli ndi amayi m'nyumba momwemo. Bwanji kutseka makutu ndi mahedifoni pamene wofedwa mnzanu ali chipinda chinacho?

Gitala_ya_ku_Area_25 anayankha:

Achemwali pepani kwambiri. Bambo a kwaya, ndi ulemu wonse, ndikutsutsaniko pang'ono.

Zoti "si nyimbo" mwini wakeyo sangakukanizeni, iyenso ananena poyera kuti zimene anapangazo zangotsala pang'ono kuti zisakhale nyimbo. Koma taonani mmene anazipangira. Anajambula yekha kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka kumayambiriro kwa Disembala 2016, m'chipinda chomwe mkazi wake anamwaliramo, pogwiritsa ntchito zida za malemuyo: gitala yake, bezi yake, ampulifaya yake, akodiyoni yakale ya kubanja kwawo. Mawu ankalemba pa mapepala a mkaziyo. Zonse ndi nyimbo 11, mphindi ngati 40. Chimbale anachitulutsa pa 24 Malichi 2017 kudzera m'kampani yake yomwe, P.W. Elverum & Sun.

Mfundo ya kampaniyi ndi imene ineyo ngati woimba ndimaiona kwambiri. Akanakhala pansi pa kampani yaikulu akanamuuza kuti ikapo kolasi, chepetsa zakuchipatala, kumapeto ikako chiyembekezo. Kunonso n'chimodzimodzi. Ine ndinapekapo nyimbo ya bambo anga atamwalira, ndinatchulamo njinga yawo imene inatsala itatsamira pa nkhokwe. Amene ankandijambula mu situdiyo anandiuza kuti chotsa njingayo, ika kuti "tidzaonana kumwamba", ndi zimene mawailesi amaika. Ndinamvera chifukwa ndalama ya situdiyo inali yake. Mpaka lero nyimbo imeneyo sindiikonda, bambo anga mulibemo.

Pa nkhani yogulitsa, ntchito ya bamboyu ndi yoimba kuyambira kale, poyamba ankagwiritsa ntchito dzina la The Microphones. Matendawo anawadyera ndalama mpaka anapempha chithandizo kwa anthu pa intaneti, ndipo anatsala ndi mwana wosakwana zaka ziwiri. Kalipentala akafedwa sasiya kukhoma. Komanso iyeyo sanadzinamize kuti zili bwinobwino. Mu chimbale chotsatira, Now Only cha 2018, akusimba yekha mmene zinkamudabwitsira kuima pa chikondwerero cha nyimbo kumaimba za imfa ya mkazi wake pamaso pa achinyamata amene abwera kudzasangalala.

Ndipo ife tisachite ngati sitidziwa zimenezi. Evison Matafale atamwalira pa 27 Novembala 2001, Ma Blacks sanapachike zida. Anapitiriza mndandanda wa Kuimba pomwe iye anasiyira, Musamude Fumulani atamwaliranso mu 2007 anapitirizabe, ndipo chikumbutso cha Matafale ku Chileka chimasonkhanitsa chinamtindi cha anthu. Palibe amati akugulitsa maliro. Kungoti ifeyo chisoni chathu timachivinira, mzunguyu sanachivinire.

Nesi_wa_ku_Leeds anayankha:

Achemwali, pepani. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku UK, ndipo ndaonapo maliro ofikapo anthu asanu ndi mmodzi basi, kuwerengera ndi ife antchito. Ndiye bambo a kwaya ndikuwamvetsa, kuno munthu amalira yekha.

Koma si onse oimba za imfa amene amanong'ona. Yesani Funeral ya Arcade Fire, bandi ya ku Montreal, chinatuluka mu 2004 kudzera m'kampani yaing'ono ya Merge. Anachitcha dzina limenelo chifukwa pa nthawi yojambula angapo mwa iwo anafedwa: Régine Chassagne agogo ake aakazi, Win ndi Will Butler agogo awo aamuna, Richard Reed Parry azakhali ake. Iwowo amakuwa onse pamodzi, ng'oma, mavayolini, ngati gulu lobwerera kumanda. Chimenechi n'choti mungaike masana mukuchapa.

Kumvera Mount Eerie sikuitana kanthu, zimenezo musadandaule. Chokhacho, mukaona kuti papita milungu simukugona kapena simukudya, musangodalira foni, uzani munthu, ngakhale kuchipatala.

Mlongo_wa_ku_Chinamwali anayankha:

Zikomo nonse. Tulo ndimagona a nesi, musade nkhawa, ngakhale mochedwa. Arcade Fire ndaimvera, ndi yabwino, koma panopa phokoso silikundilowa.

Bambo a kwaya, mawu anu anandipweteka poyamba, koma ndawamva. Ndingonena kuti nyimbo za pa siwa zinandinyamula masiku atatu aja, ndipo sindingazinyoze. Koma zonse zimanena za kumene achimwene apita. Palibe imene imanena za nsapato zawo zimene zidakali kuseri kwa chitseko, kapena nambala yawo imene ndikulephera kufufuta mufoni. Mzunguyu amanena za zinthu ngati zimenezo, kutaya zinyalala za m'bafa zimene mkazi wake anasiya, kupereka zovala zake kwa anthu. N'chifukwa chake ndimabwererako.

Dzulo ndinachita zimene munanena. Ndinavula mahedifoni, ndinapita kuchipinda kwa amayi, ndinawayatsira nyimbo yoyamba ija n'kumawamasulira mzere ndi mzere. Nditafika pa chikwama chija anandiuza kuti ndizimitse. Anakhala chete nthawi yaitali, ine n'kumaganiza kuti andikalipira. Kenako anafunsa kuti yunifolomu ija ndinaiika kuti. Ndinali nditaibisa pansi pa sutikesi chifikireni, iwo anali asanaione n'komwe. Anaitambasula pamiyendo, anayeza thalauza ndi chikhatho, n'kunena kuti mwana wawo analibe diso la muyeso chibadwireni, yatalika kwambiri. Anatumiza mdzukulu wawo kukatenga singano ndi ulusi wakuda. Akupindabe mpaka pano, akuti apinda mosadula kuti chaka chamawa adzangomasula.