Kodi ganizo la pulogalamu ya alimi a mbatatesi ndingalipereke bwanji ku wailesi yakanema?

Wojambula wa ku Ulongwe

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito ku wailesi yakanema. Ndimakhala ku Ulongwe, m'boma la Angonia ku Mozambique, ndipo ndimajambula maukwati ndi misonkhano ya mipingo. Ndili ndi ganizo lokonza pulogalamu ya zochitika zenizeni yonena za ulimi wa mbatatesi kuno kwathu ndi ku Tsangano, chifukwa mbatatesi yathu imadyedwa ku Tete, ku Chimoio mpaka ku Beira, koma nkhope ya mlimi wake sioneka pa kanema. Ndikufuna kuti alimiwo azilankhula m'Chichewa. Kodi ganizo lotere limalembedwa bwanji, limaperekedwa kwa yani, nanga ndingatani kuti wina asalitenge n'kukalipanga popanda ine?

Wokonza mapulogalamu, mumzinda wa Tete

Achimwene, zimene mwalembazi ndi mutu chabe, pulogalamu sinaoneke. Mkulu woona za mapulogalamu akamva kuti "ulimi wa mbatatesi" amadziwa kuti akhoza kutuma mtolankhani wake mawa lomwe n'kubwera ndi nkhani ya mphindi zitatu, ndipo saona chifukwa chokufunirani inu. Chimene iye alibe ndi munthu amene wakulolani kulowa m'moyo wake. Pezani banja limodzi limene mudzalitsatira kuyambira pogula mbewu ndi feteleza, nthawi yopopera mankhwala masamba akayamba kupserera, tsiku lokumba, mpaka usiku umene matumba akukwezedwa m'lole kutsika msewu wa makilomita oposa 200 kukafika pamsika wa Kwachena ku Tete. Funso lokoka woonera likhale limodzi: kodi banja ili libweza ngongole ya feteleza chaka chino? Munthu amadikira gawo lotsatira chifukwa cha funso lotere.

Kalembedwe kake n'kosavuta koma kamafuna kudziletsa. Tsamba loyamba likhale ndi dzina la pulogalamu, ziganizo ziwiri zonena nkhani yonse, amene adzaonere, chiwerengero cha magawo ndi kutalika kwa gawo lililonse. Masamba otsatira afotokoze anthu a m'nkhaniyo, zimene zidzaoneke m'gawo loyamba, ndi ndalama zofunika m'mametikali, osaiwala mafuta a njinga yamoto, chakudya, malo ogona ndi malipiro a wolumikiza zithunzi. Zonsezi zilembedwe m'Chipwitikizi, chifukwa mawailesi akanema a TVM, STV ndi TV Miramar malikulu awo ali ku Maputo, ndipo amene adzavomereze mwina sanamvepo Chichewa. Alimi alankhule chilankhulo chawo ndithu, koma muwerengere ndalama yolembera mawu a Chipwitikizi m'munsi mwa chithunzi. Yambirani ku nthambi ya TVM ya kuno ku Tete, popeza n'kwapafupi kuonana ndi munthu maso ndi maso, ndipo musapite chimanjamanja: tengani kachitsanzo ka kanema ka mphindi zitatu kapena zisanu.

Mayi woulutsa mawu pa wailesi ya m'dera, Angonia

Mwana wanga, ndikugwirizana ndi bambo a ku Tete, koma ndikufuna nditsindike za anthu amene mudzawajambule, chifukwa ine ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Musanatulutse kamera m'chikwama, kaonekereni kwa anyakwawa ndi ku ofesi ya boma, kenako mukhale pansi ndi banjalo n'kulifotokozera kuti zithunzi zawo zidzaonedwa ndi dziko lonse, ngakhalenso achibale ndi amene anawakongoza ndalama. Chilolezo chilembedwe, chiwerengedwe mokweza m'Chichewa, ndipo amene sadziwa kulemba adinde chala. Nkhani ya ngongole ndi ya m'nyumba; bambo akhoza kuvomera mayi asanafunsidwe, pamene mayiyo ndi amene amapalira ndiponso amasankha mbatatesi yaikulu ndi yaing'ono pokonzekera kugulitsa. Afunseni paokha.

Chachiwiri ndi mawu. Mphepo ya kuno m'mwezi wa Juni ndi Julayi imaononga zojambula zambiri. Ndinamverapo mayi wina akufotokoza bwino kwambiri mmene ogula amadzazitsira thumba mpaka kulisokerera chisoti pamwamba koma mtengo osasintha, ndipo theka la mawu ake linapita ndi mphepo chifukwa wojambula anadalira maikolofoni ya pakamera. Gulani kamaikolofoni kopanira pamalaya musanaganize za kamera yatsopano. Ngati mungathe, yesani kaye nkhaniyi pa wailesi yathu ya mawu. Alimi akamaimba foni kuyankhapo, mudzakhala ndi umboni woti pali omvera.

Mphunzitsi wopuma, Moatize

Pa funso la kuberedwa palibe amene wayankha. Malamulo a umwini wa zolemba amateteza chimene chalembedwa kapena kujambulidwa, sateteza ganizo la m'mutu, choncho simungaletse wina kupanga pulogalamu ya mbatatesi. Chimene mungachite n'kutumiza zolemba zanu pa imelo kuti tsiku lioneke, kusunga kalata yodindidwa yosonyeza kuti alandira, ndi kuika dzina lanu pa kachitsanzo. Zojambula zonse zikhale kwa inu mpaka mgwirizano utasainidwa, ndipo mgwirizanowo unene kuti adzaonetsa kangati, kwa nthawi yaitali bwanji, komanso ngati muli ndi ufulu woika pa YouTube pambuyo pake.

Sindikugwirizana kwenikweni ndi kuyang'ana ku Maputo kokha. Kwanuko malire a Dedza ali pafupi, ndipo MBC, Zodiak ndi Times ku Malawi amaulutsa m'Chichewa tsiku lililonse, kotero kuti pulogalamu yanu singafunike mawu a m'munsi. Mudziwenso kuti kumbali zonse ziwiri funso loyamba likhoza kukhala lakuti ndani alipire nthawi ya pa kanema. Ogulitsa mbewu ndi feteleza akhoza kuthandiza, koma mukalandira ndalama yawo mulembe poyera kuti sadzasankha zimene mlimi anene, chifukwa mtengo wa feteleza ndiwo mtima wa nkhani yanu.

Wojambula wa ku Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse. Pali banja lina kufupi ndi phiri la Domwe limene ndinalijambulira ukwati wa mwana wawo, ndipo limalima mbatatesi m'munda ndi kudimba komwe. Ndikayamba ndi anyakwawa, kenako amayi a m'nyumbamo, monga mwanenera. Bambo a ku Tete, kodi m'kachitsanzo ka mphindi zisanuko ndiike tsiku lokumba, kapena kukambirana mtengo ndi ogula pamsewu?

Wokonza mapulogalamu, mumzinda wa Tete

Ikani kukambirana mtengo. Muyambe pamene wogula akumasula thumba kuti aone za pansi, kamera ikhale pankhope ya mlimi, ndipo mudule asanagwirizane.