Muwawani wa kuphiri la Mulanje, ndi mankhwaladi kapena n'kuwawa chabe?

mwana_wa_Likhubula:
Abale ndithandizeni nzeru. Agogo anga kuno kunsi kwa phiri thupi likangotentha safuna kumva za chipatala, amatuma mwana akasende khungwa la muwawani, anyike m'madzi usiku onse, mmawa kapu yodzadza gwa gwa gwa nkhope itachita makwinya. Sabata yatha ndinawakakamiza kupita kuchipatala, atayeza anapeza malungo nkuwapatsa LA, nde amwa masiku awiri okha otsalawo ndawapeza pansi pa mphasa, akuti muwawani wamaliza kale ntchito. Kodi mitengoyi ili ndi mphamvudi kapena timangoikhulupilira poti imawawa?

anamwino_opuma:
Mwanawe, choyamba bwerera nawo kuchipatala ukanene zoona kuti sanamalize. LA ndi wa masiku atatu, mmawa ndi madzulo, ndipo amagwira bwino ukadya kachakudya ka mafuta. Kusiyira panjira thupi limazizira koma tizilombo tilipobe m'magazi. Za mitengo ine sindinyoza ayi, LA yemweyo ndi mankhwala awiri ophatikiza, amodzi mwa iwo gwero lake ndi chitsamba cha ku China chotchedwa Artemisia annua, mayi Tu Youyou analandira nacho mphoto ya Nobel mu 2015, kwinini nayenso anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona ku South America. Vuto ndi muyezo basi. Kapu ya agogo lero ndi ya mawa sizifanana, khungwa lina lakhwima lina lanthete. Ine chimene chimandiopsa kwambiri ndi mwanamphepo amene amamwetsa amayi apakati kuti matenda ayambe msanga, ndinaonapo mayi akufika chiberekero chitang'ambika, sindidzaiwala.

mlomwe_wa_Phalombe:
Zoona amayi. Koma inu mukukamba za kumwa, mitengoyo ilipo? Malemu agogo anga aamuna amasenda kachigamba kakang'ono mbali yotulukira dzuwa ndi yolowera dzuwa nkumatapo dothi kuti bala lipole, pano anyamata a geni akusenda kuzungulira thunthu lonse, matumba ulendo ku Limbe, chaka chamawa mtengo wauma. Mkungudza uja timati ndi mtengo wa fuko lathu, kwerani ku Chambe paphiri la Mulanje mukaone zitsa zokhazokha.

Aise265:
Kkkk nkhani ya zitsamba koma palibe watchula gondolosi? Amene uja sasowa kasitomala pa depoti, anthu akutafuna ngati chinangwa. Nayenso akusowa mtchire eti, poti amakumba muzu wonse

anamwino_opuma:
Iwe Aise ulibe mwambo. Komabe wanena zoona, dzina lake lina ndi Mondia whitei, ndi chomera choyanga ndipo chimatheka kudzala pakhomo chiziyanga pa mtengo wa mango.

mwana_wa_Likhubula:
Zikomo nonse. Ndawauza agogo zoti LA anachokera ku chitsamba, aseka mpaka kutsokomola, akuti nanga si ndimanena ine. Avomera tipita mawa pa kabaza, koma botolo la muwawani akuti lisakhudzidwe.