Thandizo la ozunzika ndi madzi osefukira likuthera kwa akuluakulu, tikanene kuti?

Membala wobisa dzina:
Abale anga, ndithandizeni nzeru. Kudera kwathu kunabwera malata ndi simenti zomangira nyumba za anthu amene madzi anawagumulira. Pa tsiku logawa, maina a abale a mkulu wina wa komiti anatuluka pamndandanda pomwe nyumba zawo zili chilili. Agogo ena amene akugonabe m'tenti sanaitanidwe. Lole yomwe inabweretsa katunduyo inakatsitsa matumba ena pakhomo pa munthu waudindo. Ena akuti anauzidwa kuti apereke "ya fanta" kuti alembedwe. Tiyambire pati, ndipo tidziteteze bwanji? Anthuwa timakhala nawo mudzi umodzi.

Yankho loyamba:
Pepani kwambiri. Musanathamangire ku ofesi iliyonse, mvetsani kaye njira yomwe mndandanda umadutsa, chifukwa chinyengo chimasiya mapazi papepala. Maina amayamba kulembedwa ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, ambiri timangoti VCPC ngakhale lamulo la 2023 linabwera ndi maina atsopano. Kuchoka apo amapita ku komiti ya kwa T/A, kenako kwa ofesala wa za ngozi ku ofesi ya DC, amene amalumikizana ndi DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mndandandawo umayenera kuwerengedwa pagulu anthu n'kuvomereza kapena kukana dzina lililonse. Apa ndi pamene pamaonongekera zinthu. Msonkhano wotsimikiza maina ukadumphidwa, kapena ukachitikira pakhonde pa mfumu pali anthu asanu, mndandanda womwe unachoka m'mudzi umasiyana ndi womwe wabwera ndi lole.

Ndiye funani mapepala atatu. Loyamba ndi mndandanda woyambirira wa VCPC, nthawi zambiri umakhala m'kope la mlembi wa komiti. Lachiwiri ndi fomu yomwe olandira anasainira kapena kudinda chala. Lachitatu ndi pepala la dalaivala losonyeza katundu amene anakwezedwa kunkhokwe ndi amene anamulandira. Ngati pepala la dalaivala likuti matumba 200 a simenti, koma osaina alandira 160, funso la matumba 40 lili ndi mwini wake: amene anasainira kuti walandira katundu. Pafomu yang'ananinso manambala a chitupa cha unzika obwerezedwa, ndi zidindo za chala zofanana pamaina osiyana.

Yankho lachiwiri:
Kuonjezera pa zimene anena akuluwa, mapepalawo simukupempha mwachifundo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo khonsolo imayenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Lembani kalata kwa DC, mupange makope awiri, imodzi akudindireni tsiku lolandirira mubwerere nayo. Akakana kapena akangokhala chete, dandaulo limapita ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission.

Membala wobisa dzina:
Zikomo. Nanga bungwe lothana ndi katangale la ACB ndi Ombudsman, woyenera ndi uti?

Yankho lachitatu:
Zimatengera chimene chachitika, ndipo nkhani yanuyi ili ndi mbali zingapo. Kupempha "ya fanta" ndi ziphuphu basi, za ACB zimenezo. Kulowetsa abale pamndandanda ndi kupatutsa lole ndi kugwiritsa ntchito udindo molakwika, gawo 25B la lamulo lothana ndi katangale, ndipo chilango chake chimafika zaka 12 m'ndende. Nambala yaulere ya ACB ndi 113, maofesi ali ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu. Gawo 51A la lamulo lomwelo limateteza wotsina khutu, moti mutha kupempha kuti dzina lanu lisatuluke.

Ombudsman ndi wa kusayendetsa bwino ntchito za boma. Nkhani ya agogo osiyidwa aja ndi yake, chifukwa iye atha kulamula kuti cholakwikacho chikonzedwe. ACB ikhoza kumanga wakuba, koma siibweretsera agogo malata. Ngati katundu akadali pakhomo pa munthuyo, kumeneko ndi kuba, pitani kupolisi lero lomwe simenti isanasanduke khoma.

Dandaulo lanu likhale louma: tsiku, malo, nambala ya lole, katundu wamtundu wanji ndi wochuluka bwanji, amene anaona ndi maso. Mawu oti "aliyense akudziwa" sathandiza wofufuza.

Yankho lachinayi:
Ine ndikusiyana pang'ono ndi anzangawa. Njira za boma n'zoona, koma zimatenga nthawi, mvula ibweranso agogo ali m'tenti. Onani chizindikiro chomwe chili pamatumba kapena pa chikwangwani cha pamalo ogawira. Ngati katunduyo ndi wa bungwe lothandiza, mabungwe ambiri amakhala ndi desiki ya madandaulo pa tsiku logawa, bokosi loponyamo makalata, ndi nambala yaulere yolembedwa pakhadi la wolandira. Iwowa amayankha msanga chifukwa opereka ndalama amawafunsa. Amatha kuimitsa kugawa, kubwera kudzayendera nyumba ndi nyumba, n'kufufuta maina abodza. Chitani ziwiri zonse nthawi imodzi.

Bokosi lija samalani nalo: funsani amene amasunga kiyi. Ngati ndi komiti yomweyo, kalata yanu iwerengedwa ndi amene mukumunenayo.

Yankho lachisanu:
Aponyeni pa Facebook pompano ndi zithunzi zawo, achite manyazi!

Yankho loyamba:
Ayi achimwene, musawalakwitse. Mukatchula munthu dzina poyera opanda pepala m'manja, akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, komanso mwamuchenjeza. Usiku womwewo malata asamuka, kope la mlembi lisowa, mboni ziopsezedwa kuti sizidzalembedwanso pa chimanga. Zithunzi jambulani ndithu, koma zisungeni, mutumizenso kwa wachibale wa kutali kuti foni ikatayika umboni usapite nayo.

Yankho lachisanu ndi chimodzi:
Pali mbali ina imene anthu amachita nayo manyazi. M'misasa, monga inadzadza ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje ndi Phalombe pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amayi ndi atsikana amakhala pachiopsezo chouzidwa kuti agone ndi wolemba maina kuti alandire. Mukamva zotere musapite nazo kwa mfumu kuti akambirane. Ndi za ku Victim Support Unit kupolisi kapena ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ndipo ngati ndi mwana imbani 116. Amene wagwiriridwa afike kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Pa thandizo la ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba, SIM khadi ndi nambala yachinsinsi zikhale kwa mwini wake. Wa komiti akati "tikusungireni agogo", dziwani kuti ndalama izidulidwa mwezi ndi mwezi.

Yankho lachitatu:
Za mantha a m'mudzi umodzi zija, musasaine nokha. Kalata ikhale ya gulu, anthu khumi kapena kuposa, kuphatikizapo osiyidwawo, ndipo kope lipite kwa T/A ndi ku komiti yoona za umphumphu ya kukhonsolo. Munthu mmodzi amasalidwa mosavuta kusiyana ndi gulu. Komanso musaganize kuti waudindo sakhudzika: mu 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid atatuluka, nduna ya zantchito Ken Kandodo anachotsedwa paudindo.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Mlembi wa komiti wavomera kuti tijambule kope lake mawa m'mawa. Funso lomaliza: kalata ya kwa DC tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Yankho lachiwiri:
Chichewa chili bwino, bola manambala ndi masiku zioneke bwino ndipo aliyense wosaina awerengeredwe kaye zomwe zalembedwa.