Mathiransifoma awiri pa DL-103, imodzi ikumveka ngati ili m'thumba

Wokonza mawailesi: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kasitomala wandibweretsera turntable (makina oimbira mbale) yokhala ndi katiriji (kamutu ka singano) ya Denon DL-103, pamodzi ndi ma step-up (mathiransifoma okweza mphamvu yochokera ku katiriji) awiri oti ndimusankhire yabwino: Denon AU-320 yakale ndi ina ya Lundahl LL1931 yolumikizidwa pa ratio ya 1:16 (kukweza mphamvuyo ka 16). Lundahl ikutulutsa mawu oyera, zinganga za ng'oma zikumveka ngwee. AU-320 besi yake ndi yonenepa koma mawu apamwamba afa, woimba ngati wafunda bulangeti. Ndimuuze kuti yakaleyo yatha?

Madala a pa studio: Musafulumire achimwene. Switch ya pa AU-320 ili pati, pa 3 ohm kapena pa 40?

Wokonza mawailesi: Pa 3. Ndinaipeza ili pomwepo, ndipo ndi pamene ikumveka mokweza.

Madala a pa studio: Vuto ndi limenelo. Malo a 3 ohm anawapangira makatiriji ngati Ortofon SPU, a ma ohm ochepa kwambiri. DL-103 ndi ya 40 ohm, imatulutsa 0.3 mV. Katundu amene katiriji imaona ndi ma ohm 47,000 a phono (gawo lokuzira mawu a turntable) ogawidwa ndi ratio kawiri. Pa 1:10, omwe ndi malo a 40 pa AU-320, imaona 470 ohm, pa 1:16 pafupifupi 184. Mukadutsa 1:30, monga pa malo a 3 ohm, mwatsika mpaka cha m'ma 50 kapena kuchepera, pafupifupi kufanana ndi katirijiyo. Mwaisenzetsa katundu wolemera, nanga ipuma bwanji? DL-103 inapangidwa m'ma 1960 kuti izigwira ntchito pa wailesi ya NHK ku Japan, sindiyo yomveka mofooka chonchi.

Mlongo wa zokuzira mawu: Komanso muyese mwachilungamo. Khutu limanama, chimene chakwera volume timati ndicho chokoma. 1:16 ikuposa 1:10 ndi ma dB pafupifupi 4 papepala. Ikani mbale yoyesera ya 1 kHz, linganizani ndi mita, kenako mumvere nyimbo imodzimodzi. Chingwe chochoka pa step-up kupita ku phono chikhale chachifupi, chachitali chimadya mawu apamwamba.

Wokonza mawailesi: Ndasintha kupita pa 40, ndalinganiza ndi mita. Bulangeti lija lachoka! Kusiyana kulipobe koma kochepa: Lundahl ikulekanitsa bwino zida, gitala uku besi uko, AU-320 mawu a munthu akukhuthala pang'ono. Kunena zoona ine ndakonda yakaleyo. Koma tsopano ndikumva kulira kwa "huuu" chapansipansi.

Madala a pa studio: Mwaiika pafupi ndi ampu eti? Ichotseni pamenepo, ikukoka maginito a thiransifoma yamagetsi. Muitembenuzenso pang'onopang'ono mukumvetsera. Waya wa earth uchoke pa turntable kupita pa step-up, wina kuchoka pamenepo kupita pa phono.

Wokonza mawailesi: Inalidi pamwamba pa ampu. Ndaiika pa shelefu yapansi, kuli zii. Mwini wake abwera Loweruka, ndimuimbira zonse ziwiri osamuuza kuti iyi ndi iti.